Kuchoka pa Chichiri kukafika ku Fort Lister: kukonza ulendo wa banja wa ku Mulanje

Mwana wa Sitandade 6 wa ku Chitawira kapena ku Nkolokosa mukamufunsa phiri lalitali kuposa onse m'Malawi muno, ayankha mosajejema kuti ndi Mulanje, n'kuwonjezera kuti nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mukamufunsa ngati anafikako, angoyang'ana pansi. Chonsecho kuchoka pa Chichiri kukafika pa Chitakale ndi makilomita pafupifupi 70 okha, mtunda woti munthu wonyamuka atangomwa tiyi amakafika dzuwa lisanawawe. Timaona alendo akunja atabereka zikwama zikuluzikulu pa depoti ya Limbe n'kumati kukwera mapiri ndi masewera a anthu a ndalama. Ndalama imafunikadi, koma mabanja ambiri amene amaononga zochuluka pa Khirisimasi imodzi akanatha kupitako akanadziwa poyambira.

Ulendo umene ndikukambawu ndi wa masiku atatu. Tsiku loyamba mufike ku Likhubula ndi kukaona Dziwe la Nkhalamba, lachiwiri muzungulire phiri mpaka ku Phalombe kukaona mabwinja a linga la Fort Lister, lachitatu mubwerere. A galimoto yawoyawo akhoza kuupanikiza m'masiku awiri, koma ngati pali ana sindikulangiza zimenezo. Pokonza zonse muziganizira miyendo ya munthu wofooka kwambiri pagulu lanulo, kaya ndi mwana wa zaka 6, kaya ndi agogo odandaula maondo. Bambo a m'nyumba amene amathamanga m'mawa uliwonse cha ku Kamuzu Stadium asakhale ndiwo muyeso, chifukwa iwowo akakafika pamwamba mayi ndi ana atatsala m'njira akulira, ulendo umenewo ndi womaliza pabanjapo. Za Sapitwa ziiwaleni kaye. Kumeneko ndi kwa akuluakulu ozolowera, kumafuna masiku angapo, ndipo kunafera anthu. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womulondolera njira n'kupitirira yekha chakunsonga. Thupi lake linapezeka patadutsa masabata oposa awiri.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itatha, mitsinje ili ndi madzi okwanira kukongoletsa mathithi koma osaopsa kuwoloka, ndipo kunja kumakhala kowala moti uli pamtunda umaona minda ya tiyi mpaka kutali. Holide yaitali ya sukulu ya mu Ogasiti ndiye ikukomerani. Chovuta cha miyezi imeneyi ndi chiperoni. Ife a mu Blantyre timachidziwa ngati kamvula kowaza kotiveka majuzi masiku angapo basi, koma ku Mulanje, kumene mphepo yonyowayo imayamba kugunda ikamachokera ku Mozambique, chimadza ndi nkhungu yoti mnzako ali pomwepa sumuona. Mukadzuka n'kupeza phiri lonse lafunda, musakakamire chifukwa choti munalipira kale. Yendani za m'munsi tsiku limenelo. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umabisa zonse zimene munabwerera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi khalani kunyumba. A ku Phalombe sadzaiwala Napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe m'mbali mwa mapiri onse awiri, monga zikuonekeranso pa Soche kwathu kuno. Sabata yonyamukayo muzimvetsera za nyengo pa wailesi madzulo aliwonse.

Yambani kuika kangachepe pambali kutatsala miyezi itatu. Njira yopepuka ndi kugwirizana mabanja awiri kapena atatu, a kumpingo kapena oyandikana nawo, n'kumaponya chipereganyu cha ulendowo mwezi ndi mwezi. Gulu likakhala lokwana minibasi, kuchita hayala kumatsika mtengo kusiyana ndi kukwera modumphadumpha, komanso simudikira kuti idzaze. Koma mukambirane ndi dalaivala zonse musananyamuke: mafuta agula ndani, iye akagona kuti, akadya chiyani, ndiponso ngati akuvomera kulowa msewu wafumbi wa ku Fort Lister. Zosakambiranazo ndi zimene zimabala mkangano pakati pa tchire. Mafuta thirani okwanira mu Limbe momwemo, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Powerengera musaiwale ndalama yolowera m'nkhalango, ya gaidi, ya wonyamula katundu ngati mum'fune, ndi ya pogona. Mitengo imasintha pafupipafupi masiku ano, choncho funsani kwa amene apitako posachedwa kapena imbani kumalo ogonako. Airtel Money ndi Mpamba zikuthandizani pa Chitakale ndi pa boma la Phalombe, koma mukangolowera kuphiri netiweki imabwera n'kumathawa, ndipo mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa njira sakhala ndi chenje cha K5,000. Tengani ndalama zing'onozing'ono zambiri. Pakhalenso ina ya mwadzidzidzi imene asunge ndi mayi, yosakhudzidwa ngakhale bambo atapempha mokoma bwanji.

Loweruka lina kutatsala masabata awiri kapena atatu, yesani miyendo konkuno. Njira ya Mtanda ya paphiri la Michiru, yoyambira ku Chilomoni, ndi yokwanira kukuuzani zoona za banja lanu: ndani amafulumira kupuma mwabefu, ndani amamwa madzi onse pa theka loyamba, nsapato za ndani zikuluma. Pitani pagulu, m'mawa, ndipo mafoni odula musawaonetsere. Nsapato zimene mwana wavala tsiku limeneli ndi zomwezo akavale ku Mulanje. Kugula zatsopano pa kaunjika dzulo la ulendo ndi kugula matuza. Sizifunika zapamwamba ayi, bola zikhale zotseka, zomanga ndi zingwe, zokhala ndi mano kunsi. Masilipasi ndi nsapato zapulasitiki zimaterera pamwala wonyowa.

Loweruka linalo lowani m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museum of Malawi pa Chichiri pompa, pafupi ndi Civic Centre, imene ambiri timangoidutsa popita kukagula zinthu. Ana amathamangira makina akale a nthunzi amene ali panja, ndipo asiyeni akhutire nawo. Kenaka pemphani wogwira ntchito pamenepo akufotokozereni za malonda a akapolo ndi za kubwera kwa atsamunda. Izi zili ndi chifukwa chake. Ku Fort Lister mukapeza miyala ndi udzu, ndipo mwana amene wafikako mutu uli wopanda nkhani adzakufunsani ngati munam'yendetsa mtunda wonsewo kudzaona bwinja. Nthawi ikalola dutsaninso pa Mandala House, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, kuti aone ndi maso kamangidwe ka zaka zimenezo kakadali chiimire.

Kamba wa paulendo akhale wosachedwa kukhutitsa komanso wosasasa msanga. Mbatata yootcha kapena yophika, chinangwa, mtedza wokazinga, mazira owiritsa, chigumu ndi zitumbuwa zimayenda bwino m'chikwama. Mpunga wa nyama wophika usiku n'kuutsekera m'kontena ukadali wotentha umafika masana utayamba fungo, ndipo kutsekula m'mimba uli pakati pa phiri ndi chinthu choti usafunire mnzako. Ngati mukadziphikira nokha kogonako, tengani ufa, mchere, mafuta pang'ono m'kabotolo kotseka bwino, usipa wouma kapena masoya, anyezi, shuga ndi masamba a tiyi. Tomato, nthochi ndi nanazi mukagula komweko, ndipo nanazi za ku Mulanje simufunika kuuzidwa. Aliyense, ngakhale wamng'ono, abereke botolo lake la madzi. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba amaoneka oyera, koma a m'munsi mwadutsa anthu ambiri, choncho a ana muwiritse kapena muthiremo WaterGuard.

Za zovala, anthu a mu Blantyre timadzinamiza kuti kuzizira timakudziwa. Usiku wa Juni kapena Julayi pamwamba pa Mulanje kumatha kugwa chisanu mpaka udzu kuyera. Aliyense akhale ndi juzi, chipewa chofunda makutu, masokosi awiriawiri, ndi chovala china chouma chokulungidwa m'pepala lapulasitiki mkati mwa chikwama. Mayi atenge zitenje zingapo kuposa mmene akuganizira: china ayala pansi podya, china afunditsa mwana wonyowa, china abereka nacho wamng'ono akatopa, ndipo wina akabinya phazi chitenje chomwecho chimanga. Onjezani tochi ya mabatire, machesi, sopo, neti ya udzudzu yogonera m'munsi, Panado, bandeji, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Wodwala mphumu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi anyamule mankhwala ake pathupi, osati m'chikwama chimene chatsogola ndi wonyamula katundu. Amayi oyembekezera ndi akuluakulu a vuto la mtima ayambe afunsa kuchipatala. Chikwama chikhale cha kumsana; chonyamulira m'manja chimalanda dzanja limene mukafune pogwira mwala kapena mwana.

Kuchoka mu Limbe misewu ilipo iwiri. Wa Midima, umene pa zikwangwani ndi Robert Mugabe Highway, ndi wachidule: mudutsa mphambano ya ku Nguludi ndi pa Nkando, phiri likukula pamaso panu pang'onopang'ono. Wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza ndi wotalikirapo ndi wokhotakhota, koma umadutsa pakati pa minda ya tiyi. Ine ndimati popita dzerani Midima kuti mufike msanga, wa Thyolo muusungire pobwerera, mudzaime pa Bvumbwe kugula ndiwo zamasamba za sabata yonse. A minibasi mutsike pa Chitakale. Likhubula ili makilomita pafupifupi 10 kuchoka pamenepo mumsewu wa ku Phalombe. Mwana amene amachita chizungulire m'galimoto akhale pawindo, ndipo musam'dyetse zamafuta m'mawa.

Pa Likhubula pali ofesi ya a zankhalango pamene mumalembetsa maina ndi kulipira. Musazembe kulembetsa poganiza kuti mukupulumutsa ndalama, chifukwa bukulo ndi limene limauza anthu kuti pali banja limene silinatsike. Pomwepo mupeza magaidi ndi onyamula katundu, amene ali ndi bungwe lawo ndipo amalandira alendo mosinthana. Anyamata ena amakuthamangirani mukangotsika pamsewu. Alonjereni bwino, koma gaidi mukam'tengere ku ofesi. Ena amati njira ya ku Dziwe ndi yoonekeratu, gaidi ngwachiyani. Safunsa anadya phula. Tinjira ta otola nkhuni timadukizadukiza paliponse, ndipo gaidi amadziwa mwala woterera, podutsa njoka, ndi mtambo umene ukutanthauza kuti tibwerere. Gwirizanani mtengo musanaponde njira, mumuuze poyera kuti, “Achimwene, tili ndi agogo ndi ana awiri, tiyenda pang'onopang'ono,” ndipo akanena kuti apa tisapitirire, mawu ake akhale omaliza ngakhale bambo atakhala bwana wamkulu kuntchito. Anthu amenewa ndi omwe ambiri a iwo amathamanga mpikisano wa Porters Race wa chaka ndi chaka, kukwera ndi kutsika m'maola ochepa mtunda umene ife timayenda tsiku lathunthu. Musawasenzetse katundu wopyola muyeso chifukwa choti ndi amphamvu, ndipo pakudya muwaitane.

Kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ndi ola limodzi kwa oyenda bwino. Ndi ana werengerani awiri. Poyenda gaidi atsogole, ofooka atsatire pambuyo pake penipeni, wamkulu mmodzi atseke kumbuyo, ndipo pasakhale wodutsa gaidi. Pumani kawirikawiri anthu asanatope, osadikira kuti wina akhale pansi yekha. Pemphani gaidi awaonetse ana chitedze koyambirira, adziwe makoko ake aubweya, chifukwa miyezi yozizirayi ndi pamene chimakhala chitakhwima, ndipo mwana wokhudza chitedze tsiku lake lathera pomwepo.

Dziwelo mumayamba kulimva musanalione. Madzi amagwa kuchoka pathanthwe n'kudikha m'dziwe lakuda bii pakati, lozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu yosalala. Mukaviika phazi mumalichotsa msanga, chifukwa madziwo ndi ozizira mpaka m'mafupa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Apa ndiye pofunika maso a kholo. Dziweli ndi lakuya ndipo anthu anamirapo, ena odziwa kusambira, chifukwa kuzizira kumagwira minofu mwadzidzidzi. Ana asewere m'mbali mosaya, wamkulu ataima m'madzi momwemo, osati atakhala pamwala akujambula. Achinyamata amene akufuna kudumpha kuchoka pamwamba chifukwa aona ena akutero muwakanize mosanyengerera. Mowa usafike pano. Mukatha kudya tolani chilichonse, mapepala, mabotolo ndi makoko a mazira omwe, mutsike nazo.

Pogona pa banja la ana aang'ono ndi m'munsi. Pa Likhubula pali malo angapo, kuphatikizapo Likhubula House ya mpingo wa CCAP, ndipo ena ali pa Chitakale ndi pa boma. Sungitsani malo kusanachedwe ngati mukupita pa holide. Banja la ana osinkhuka, a ku sekondale, likhoza kuwonjezera usiku umodzi pamwamba, m'kanyumba ka Chambe, kamene kali maola atatu kapena anayi okwera ndithu kuchoka pa Likhubula. Tinyumba totere tilipo tingapo paphiripo, monga Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Mumapezamo mlonda, nkhuni, madzi ndi pokolezera moto. Chakudya, zofunda ndi mphika ndi zanu. Mukasankha zimenezi nyamukani m'mawa kwambiri kuti mdima usakupezeni m'njira, ndipo mlonda mum'siyire kangachepe potsika.

Gaidi akayamba kufotokoza za mizimu ya paphiri, za chakudya chimene munthu amatha kuchipeza chitakonzedwa m'njira n'kudya yekha osaitana mnzake, kapena za malo amene makolo ankathirako nsembe popempha mvula, ana anu a m'tauni asaseke. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili nkhani zimenezi ndi zolemera, ndipo ndi zomwezo zimene zinachititsa kuti mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO liike Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pamene panali kale Lake Malawi National Park ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Akati pano sitiloza ndi chala kapena sitikuwa, teroni.

Potsika mukumana ndi ogulitsa timabokosi ndi ndodo zonunkhira bwino za mkungudza. Fungo lake limakopa, koma musagule. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, ndipo ocheka mozemba pamodzi ndi moto anautha pafupifupi wonse. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akhala akubzala mbande, koma mtengowu umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Wogulitsayo naye ali ndi ana, n'zoona. Mugulireni zosema za mtengo wina, kapena zipatso.

Tsiku lachiwiri lawirirani. Msewu wa ku Phalombe umayenda m'mphepete mwa phiri, thanthwe lalikulu la Chambe lili kudzanja lamanja, ndipo ana akhale mbali imeneyo. Kuchoka pa boma la Phalombe, njira yafumbi imakwera kulowa pampata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ndi njira yofuna galimoto yokwera kunsi, ndipo mvula ya zaka zapitazi inaononga misewu ndi milatho yambiri m'derali, choncho funsani pa boma mmene ilili musanalowe. Opanda galimoto mukwera kabaza wa njinga yamoto. Musalole kuti akupanikizeni atatu kapena anayi pa njinga imodzi kuti mtengo utsike: wamkulu mmodzi ndi mwana mmodzi pakati, basi, ndipo mugwirizane nthawi yodzakutengani, theka la ndalama mudzalipire pobwerera. Kumtundako kulinso ofesi ya a zankhalango, poyambira njira yokwera ku Sombani. Pezani munthu wa komweko akulondolereni ku mabwinja, chifukwa udzu ukakula mukhoza kuwadutsa osadziwa. Wina akavulala, chipatala cha Holy Family chili ku Phalombe komweko.

Nkhani yoti muwauze ana ndi iyi. M'zaka za m'ma 1800, makamaka chakumapeto, mpata umenewu unali njira ya amalonda opita kunyanja yamchere, ku Quelimane m'dziko la Mozambique. Ankadutsa ndi minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa m'midzi, amuna atamangidwa magoli m'khosi, n'kukabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mafumu ena ozungulira Mulanje, monga Matipwiri ndi Mkanda, analemera ndi kukula mphamvu ndi malonda amenewa. Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston anakhazikitsa boma lake ku Zomba. Mu 1893 anamangitsa malinga awiri otsekera njira za kunyanjazo: Fort Lister pampata uno, ndi Fort Anderson mbali ya kumwera kwa phiri, dzina limene boma la Mulanje linkadziwika nalo kale. Maina onse awiri ndi a akuluakulu a ofesi ya zakunja ku London. Ambiri mwa asilikali oyamba a Johnston anali Asikh ochokera ku India. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895, chaka chomwe ena ochita malonda a akapolo anagwanso: Jalasi anathamangitsidwa paphiri la Mangochi ndipo Mlozi anapachikidwa ku Karonga. Njira ya akapolo itatsekeka, linga la Fort Lister linatha ntchito, ndipo patangopita zaka pafupifupi 10 linasiyidwa.

Chimene chatsala ndi zipupa zamiyala zofika m'chiuno kapena m'maondo, maziko a nyumba, ndi manda. Amodzi mwa mandawo ndi a Gilbert Stevenson, wachibale wa Robert Louis Stevenson amene analemba buku la Treasure Island. Musafulumire kuchoka. Imikani ana pakati, ayang'ane Michesi mbali iyi, Mulanje mbali inayo, kenaka muwafunse kuti munthu wofuna kudutsa ndi gulu la anthu omangidwa akanadzera pati. Akaona okha kuti njira ndi yomweyi, amvetsa chifukwa chake lingalo lili pamenepa kuposa mmene buku likanawauzira. Afunseninso kuti ndani ali ndi dzina pamanda apa, nanga amene anadutsa ndi goli aja maina awo ali kuti. Mwala uliwonse ukhale pamene mwaupeza. Malowa ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo kulemba dzina lako pachipupa ndi khalidwe loipa chabe.

Pofotokoza pali misampha iwiri. Woyamba ndi kusandutsa nkhaniyi kukhala ya mtundu uwu ndi mtundu uwo. Mwana wanu ali ndi anzake a Chiyao m'kalasi, mwina mayi ake omwe ndi a ku Mangochi, ndipo akabwerako akunena kuti akutiakuti ankagulitsa anthu, mwam'phunzitsa chinthu choipa. Ogulitsa anali mafumu ndi amalonda ena, ogula anali kunyanja ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo ogwidwa anali a mitundu yonse, Ayao omwe. Msampha wachiwiri ndi kuwajambula atsamunda ngati angelo. Lingali linathandizadi kuthetsa ukapolo, ndipo zimenezo tisazibise. Koma mfuti zomwezo ndi zimene zinakakamiza msonkho wa nyumba, malo aakulu anapita kwa eni minda achizungu, ndipo anthu anayamba kulima thangata pa nthaka imene anabadwirapo. Kuchoka 1893 kufika Januwale 1915, pamene John Chilembwe anaukira ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndi zaka 22 zokha. Munadutsa kufupi ndi kwawoko dzulo lake pa msewu wa Midima, ndipo nkhope yake ana amaiona pa ndalama tsiku lililonse. Mwana wa Sitandade 8 akhoza kusenza mbali zonse ziwirizi.

Tsikani pampatapo dzuwa likadali pamwamba. Ogona ku Likhubula usiku wachiwiri mukhala ndi mpata wochapa ndi kupumitsa miyendo. Tsiku lachitatu nyamukani m'mawa kuti mulowe mu Limbe kukadali kowala, chifukwa misewu imeneyi madzulo imadzaza njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi. Mukafika kunyumba yang'anani ana m'mutu, m'khwapa ndi m'miyendo ngati mulibe nkhupakupa, ndipo wina akatentha thupi m'masabata awiri otsatira, thamangirani kukayezetsa malungo.

Banja limene laona kuti Mulanje wakula msinkhu liyambire ku Zomba, kumene galimoto imakwera mpaka pamwamba ndipo agogo akhoza kukhala pa damu la Mulunguzi ana akupita ku Williams Falls kapena ku Emperor's View, pamene anaimapo Haile Selassie mu 1965. Ndi ulendo wa tsiku limodzi kuchoka ku Blantyre. Amene nkhani ya malinga yawagwira mtima, chaka chinacho alunjike ku Mangochi, tauni imene inayamba ngati Fort Johnston mu 1891. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja ya Malawi. Mabwinja a Fort Mangochi ali pamwamba paphiri chakum'mawa, kulowera ku Namwera, ndipo zipupa zake ndi zazikulu kuposa za ku Fort Lister. Kumeneko kumatentha, choncho madzi muchulukitse kawiri, kukwera muyambe mbandakucha, ndipo neti ya udzudzu isatsale.